Ulendo wapansi wa nkhondo ya Vietnam ku Washington: ndi wabwino, koma za ndalama amazidumpha

Mumzinda wa Washington muli makampani ang'onoang'ono ambiri oyendetsa alendo wapansi. Ambiri amakuzungulitsani pazipilala n'kumakuuzani kutalika kwake ndi chaka chomwe zinamangidwa. Ulendo womwe ndikuunika pano uli ndi mutu umodzi wokha: zomwe nkhondo ya ku Vietnam inachita kwa anthu a ku America omwe anatsala kumudzi, m'makomo, m'masukulu ndi m'maofesi a boma. Ndinapita ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata yemwe wangokwanitsa zaka 18. Tinalipiriratu pa intaneti, pafupifupi madola 40 munthu mmodzi, ndipo pamapeto mumapereka kangachepe kothokoza wotsogolera monga amachitira kuno. Ndalama zathu sizinapite pachabe. Koma pali gawo lomwe analidumpha, ndipo kwa ine amene ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, gawo limenelo ndi lomwe linakhudza anthu ochuluka kuposa ena onse.

Mumakumana pamasitepe a Lincoln Memorial, n'kuyenda pafupifupi maola atatu mpaka ku Lafayette Square, pamaso pa White House. Gulu lathu linali la anthu khumi ndi angapo. Aliyense amapatsidwa kawailesi kokoleka m'khosi ndi kachingwe ka m'khutu kuti azimva wotsogolera ngakhale atatsalira m'mbuyo. Kameneka n'kofunika pamalo amenewa chifukwa ndege zotera pabwalo la Reagan zimadutsa pansipansi motsata mtsinje wa Potomac, ndipo mawu a munthu amangomira. Kanga kankadukaduka poyamba, anandisinthira popanda kuwiringula.

Wotitsogolera anali bambo achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, olankhula modekha. Sanayambe ndi mapu a Asia. Anatulutsa pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki, lokhala ndi masiku onse a chaka, tsiku lililonse lili ndi nambala pambali pake, n'kutiuza kuti aliyense apeze tsiku lake lobadwa. Linali pepala la maere a pa 1 Disembala 1969. Usiku umenewo boma linaika masiku 366 m'timakapisozi tabuluu mumtsuko wagalasi, n'kumatulutsa kamodzikamodzi dziko likuonera pa TV. Loyamba kutuluka linali 14 Sepitembala, lomaliza 8 Juni. Anyamata obadwa kuyambira 1944 mpaka 1950 ankaitanidwa kulowa usilikali motsata nambalazo, ndipo mu 1970 kuitanako kunafika pa 195. Pepala litafika kwa mnyamata wanga, chala chake chinayenda n'kukaima pa nambala yosakwana 50. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Malume, ndiye kuti ine ndikanapita?"

Funso lake silinali lachibwana. Kulemba anthu usilikali mokakamiza kunatha mu 1973, koma kaundula wake, wa Selective Service, anabwezeretsedwa mu 1980, ndipo mpaka lero mnyamata aliyense wokhala m'dzikoli akafika zaka 18 dzina lake liyenera kukhalamo. Yankho la bambo aja linali loti kupita kapena kusapita kunkadalira kwambiri thumba la makolo. Maere asanayambe, ankasankha ndi makomiti a m'madera, ndipo mnyamata yemwe anali pa yunivesite ankaloledwa kudikira mpaka atamaliza. Wodziwana ndi dokotala ankapeza kalata ya matenda, wodziwana ndi akuluakulu ankapeza malo ku National Guard, gulu la asilikali a m'zigawo, komwe ambiri sankatumizidwa kunja. Otsala anali ana a ogwira ntchito m'mafakitale, a alimi ndi a m'madera osauka a m'mizinda. Mu 1966 nduna ya zachitetezo, Robert McNamara, inatsitsanso muyezo wa mayeso olowera usilikali pansi pa ndondomeko yotchedwa Project 100,000, moti analowa anyamata omwe kale akanabwezedwa. M'zaka zoyambirira za nkhondoyo, asilikali akuda ankafa ochuluka poyerekeza ndi chiwerengero chawo m'dziko.

Mphindi zimenezi zokha zinakwana mtengo wa tikiti. Ndaonapo anthu akufotokoza za nkhondoyi ngati mkangano wa achinyamata atsitsi lalitali ndi makolo awo, koma bamboyu anatisonyeza kaye yemwe ankasenza katunduyo, ndipo zionetsero zonse zomwe anakamba pambuyo pake zinamveka chifukwa cha maziko amenewo.

Tili pamasitepe pomwepo anatiimika pamwala wolembedwa pomwe Martin Luther King anaima mu 1963. Anatikumbutsa kuti pa 4 Epulo 1967, m'tchalitchi cha Riverside ku New York, King anadzudzula nkhondoyi poyera, ponena kuti ikudya ndalama zomwe zinayenera kuthandiza osauka, ndipo nyuzipepala zazikulu ngakhalenso anzake ena omenyera ufulu anamutembenukira. Mwezi womwewo Muhammad Ali anakana kulowa usilikali ku Houston, analandidwa lamba wake, ndipo mlandu wake unadzathera ku khoti lalikulu mu 1971. Kenako bambo aja anatizunguliritsa kuseri kwa chipilala kuti tione mlatho wa Arlington Memorial, womwe anthu zikwizikwi anawoloka pa 21 Okutobala 1967 kupita ku Pentagon, likulu la unduna wa zachitetezo. Pamasitepe omwewo ndi pomwe pulezidenti Richard Nixon anabwera mbandakucha pa 9 Meyi 1970 kudzalankhula ndi ophunzira omwe anagona pamenepo, patangopita masiku asanu chichokereni pomwe asilikali a National Guard anawombera ophunzira pa yunivesite ya Kent State ku Ohio, n'kupha anayi ndi kuvulaza asanu ndi anayi. Ndinasangalala kuti sanaiwale Jackson State ku Mississippi, komwe apolisi anapha achinyamata awiri akuda pakati pa mwezi womwewo. Anthu ambiri amatchula Ohio yokha.

Kuchoka pamenepo mumatsikira ku khoma la Vietnam Veterans Memorial. Silioneka muli patali. Limayamba ngati kamwala ka m'mapazi, njira ikumka nitsika, khoma likumka nilikwera mpaka pakati pake lifika mamita atatu, kukupitirirani mutu. Mwalawo ndi wakuda bii, wosalala moti nkhope yanu imaoneka pakati pa mayina. Bambo aja anatiuza kuti adzayamba kulankhulanso tikatulukira mbali inayo, ndipo anatsekadi pakamwa. Anachita bwino, chifukwa pakhomapo pamabwera anamfedwa, ngakhale papita zaka zoposa 50. Mayi wina wachikulire anaima pansi atagwira chikwama ndi manja awiri, pomwe munthu wodzipereka wovala chipewa chachikasu anakwera pamakwerero, n'kuika pepala padzina lina la m'mwamba, n'kumasisita ndi pensulo mpaka zilembo zinatuluka zoyera papepalapo. Atatsika anapereka pepalalo kwa mayi aja ndi manja awiri.

Mayina alipo oposa 58,000. Sanawandandalike motsata alifabeti kapena udindo, koma motsata tsiku lomwe munthu anafa kapena kusowa, choncho omwe anafera limodzi ali pamodzi. Pambali pa dzina lililonse pali kachizindikiro: kadayamondi kwa yemwe imfa yake inatsimikizika, kamtanda kwa yemwe sanapezeke. Chaka cha 1968 chokha chili ndi mayina oposa 16,000, ndipo mumachimva m'miyendo chifukwa mumayenda mtunda ndithu chakacho chisanathe. Titatuluka, bambo aja anafotokoza kuti ngakhale khomali linabadwa ndi mkangano. Analiyambitsa ndi asilikali akale motsogozedwa ndi Jan Scruggs, ndi ndalama zosonkha anthu, osati za boma. Yemwe anapambana mpikisano wojambula anali Maya Lin, wophunzira wa pa Yale wa zaka 21, mwana wa makolo ochokera ku China. Ena anakwiya kuti khoma lakuda lolowa pansi ndi chitonzo kwa omwe anafa. Linatsegulidwa mu Novembala 1982, koma pofuna kuziziritsa mitima anaonjezera chosema cha asilikali atatu ndi mbendera mu 1984, kenako cha amayi omwe anatumikira kunkhondoko mu 1993.

Tsopano dandaulo langa. Mukachoka pakhoma mumalowa msewu wa Constitution kulowera kum'mawa. Kutsidya kwa msewu, kumanzere, kuli nyumba yaikulu ya miyala yoyera, likulu la Federal Reserve, banki yaikulu ya America. Bambo aja anangoiloza ndi chala, n'kunena chiganizo chimodzi choti nkhondo inakweza mitengo ya zinthu, basi n'kupitirira. Maola atatu, ndipo chuma chinapatsidwa nthawi yowoloka msewu umodzi.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo si yovuta kuifotokoza. Pulezidenti Lyndon Johnson ankafuna zinthu ziwiri zodula nthawi imodzi. Kumudzi anali atayambitsa ntchito zazikulu zothana ndi umphawi, kuphatikiza Medicare ndi Medicaid, ndondomeko zolipirira okalamba ndi osauka kuchipatala, mu 1965. Chaka chomwecho anayamba kutumiza asilikali ambiri ku Vietnam, omwe pofika 1969 anapitirira theka la miliyoni. Akanapempha msonkho wa nkhondo koyambirira, aphungu akanafunsa mafunso ovuta za nkhondoyo, ndipo akanadula ntchito zake za osauka. Ndiye anazengereza, ndipo bajeti ina inalembedwa ngati kuti nkhondo idzakhala itatha pofika pakati pa 1967. Mu Disembala 1965 mkulu wa banki yomwe tinaidutsayo, William McChesney Martin, anakweza chiwongola dzanja poona kuti mitengo iyamba kuthamanga, ndipo Johnson anamuitanira ku famu yake ku Texas kukamukalipira. Zengerezu analinda kwawukwawu: msonkho woonjezera wa 10 peresenti unadzavomerezedwa mu Juni 1968, bajeti itaperewera kale ndi pafupifupi madola 25 biliyoni, ndipo aphungu anauvomera pokhapokha boma litalola kudula madola 6 biliyoni pa ntchito zake. Zomwe Johnson ankaopa zinachitikabe, mochedwa komanso modula.

Kukwera mitengo kwa zinthu, komwe mu 1965 kunali kosakwana 2 peresenti pachaka, kunafika pafupifupi 6 peresenti pofika 1970. Apa ndi pomwe nkhondo inalowa m'nyumba iliyonse, ngakhale mwa banja lopanda mwana wamwamuna. Malipiro a ogwira ntchito ankakwera papepala, koma msonkho ndi mitengo zinkadya zokwerazo. Okalamba odalira penshoni ankaona ndalama yawo ikuchepa mphamvu. Ngongole zogulira nyumba zinadula. Mu Malichi 1970 ogwira ntchito ku positi ofesi ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro, ngakhale lamulo silinkawalola, mpaka Nixon anatumiza asilikali ku New York kukasanja makalata. Kunja nako, madola ankatuluka ambiri, ndipo maiko ena anali ndi ufulu wowasinthitsa ndi golide pamtengo wa madola 35 pa aunsi. Chikhulupiriro pa dola chinagwedezeka mu Malichi 1968, ndipo pa 15 Ogasiti 1971 Nixon anasiya kusinthitsa madola ndi golide, n'kulamula kuti mitengo ndi malipiro zisakwere kwa masiku 90. Sindikunena kuti mavuto onse azachuma a m'ma 1970 anabwera ndi Vietnam. Mtengo wa mafuta mu 1973 ndi zosankha za banki yaikuluyo zili ndi gawo lake, ndipo m'zaka zoyambirira nkhondo inabweretsa ntchito, moti ulova unatsika pansi pa 4 peresenti. Koma chiyambi cha kukwera mitengoko chili m'zaka zomwe boma linkamenya nkhondo osafuna kuuza anthu mtengo wake.

Tikupumula pang'ono pafupi ndi bwalo la Ellipse ndinawafunsa bambo aja chifukwa chomwe anadumphira zimenezi. Anandiyankha mwaulemu kuti alendo amakonda nkhani zokhala ndi zithunzi, ndipo kukwera mitengo kulibe chithunzi. Ndikumvetsa, koma sindikugwirizana nawo. Munthu yemwe anatha kutigwira mtima ndi pepala limodzi la maere angathenso kutero ndi pepala la malipiro la wogwira ntchito wa mu 1969. Ndipo popanda gawo limeneli, mlendo samvetsa bwino chifukwa chomwe ogwira ntchito ambiri anali okwiya ndi aliyense, boma ndi ochita zionetsero omwe.

Pa ndale ndiye anabwereranso pamphamvu yawo. Anayambira pa Ogasiti 1964, pomwe aphungu anapatsa Johnson chilolezo chogwiritsa ntchito asilikali pambuyo pa malipoti oti zombo za America zaukiridwa panyanja ku Gulf of Tonkin. Anakana ndi maseneta awiri okha, Wayne Morse ndi Ernest Gruening. Kumapeto kwa 1967 akuluakulu ankauza anthu kuti zinthu zikuyenda bwino, kenako kumapeto kwa Januwale 1968 kunabwera chiwembu cha Tet, pomwe asilikali achikomyunizimu anaukira mwadzidzidzi mizinda ya ku South Vietnam, nkhondo n'kulowa mpaka mumpanda wa ofesi ya kazembe wa America ku Saigon, likulu la dzikolo. Pankhondo penipeni omenya Tet anataya anthu ambiri, koma kumudzi ku America chomwe chinafa ndi chikhulupiriro pa mawu a boma. Pa 31 Malichi Johnson analengeza kuti saimanso pa chisankho. King anaphedwa mu Epulo, mbali zina za Washington yemweyu zinapsa, Robert Kennedy, yemwe ankapikisana nawo pofuna upulezidenti, anaphedwa mu Juni, ndipo mu Ogasiti apolisi ankamenya ochita zionetsero m'misewu ya Chicago pomwe chipani cha Democratic chinkasankha mtsogoleri m'kati.

Titaima pampanda wa White House anatifotokozera za Novembala 1969, pomwe anthu oposa 40,000 anayenda pamzere umodzi kuchokera ku Arlington, usiku ndi usana, aliyense atakoleka chikwangwani cha dzina la msilikali wakufa kapena la mudzi wa ku Vietnam womwe unaphwasulidwa. Aliyense akafika pageti ankafuula dzinalo, n'kupitirira ku Capitol, nyumba ya malamulo, kukaliponya m'bokosi la maliro. Anatisonyeza pa tabuleti chithunzi cha mabasi oimikidwa mothinana kuzungulira White House ngati linga. Anakambanso za Meyi 1971, pomwe apolisi anamanga anthu oposa 12,000 m'masiku ochepa mumzinda uno.

Chomwe ndinawayamikira kwambiri n'chakuti sanapange ochita zionetsero kukhala mawu a dziko lonse. Anati anthu ambiri anafika poona kuti nkhondoyo inali yolakwika, koma ambiri a iwo ankadananso ndi zionetsero, makamaka poona ana a opeza bwino akunyoza mbendera pomwe ana awo ali kunkhondo. Pa 8 Meyi 1970 amisiri omanga nyumba anamenya ophunzira m'misewu ya New York. Nixon anadziwa kulankhula ndi anthu amenewa, ndipo mu 1972 anapambana m'zigawo 49 mwa 50. Mng'alu umenewo, pakati pa ophunzira kwambiri ndi ogwira ntchito zamanja, bambo aja anaufotokoza osanyoza mbali iliyonse, ndipo ndinaona anthu a m'gulu lathu a maganizo osiyana akugwedeza mitu movomereza.

Ulusi wochoka ku Vietnam kufika ku Watergate, mlandu womwe unagwetsa Nixon, anaulumikizanso bwino. Mu Juni 1971 New York Times inayamba kusindikiza zikalata zachinsinsi za Pentagon zomwe Daniel Ellsberg anatulutsa, zosonyeza kuti maboma otsatizana ankadziwa zambiri zomwe sankauza anthu. Boma linayesa kuletsa, khoti lalikulu linakana pa 30 Juni. Nixon anakhazikitsa kagulu kachinsinsi kotseka pomwe nkhani zinkadontha, kamene kanathyola ofesi ya dokotala wa Ellsberg, ndipo ena a m'kaguluko ndi omwe anakonza zothyola maofesi a chipani cha Democratic m'nyumba ya Watergate mu Juni 1972. Mu Ogasiti 1974 Nixon anatula pansi udindo. Mu 1964 anthu atatu mwa anayi alionse ankati amakhulupirira boma lawo. Pofika 1974 sanafikenso theka. Malamulo ena anasintha: mu 1971 zaka zoyambira kuvota zinatsika kuchoka pa 21 kufika pa 18, chifukwa kunali kovuta kutumiza mnyamata kukafa kwinaku akumukaniza voti, ndipo mu 1973 aphungu anakhazikitsa lamulo loti pulezidenti akatumiza asilikali kunkhondo awadziwitse pasanathe maola 48, ngakhale Nixon analikana.

Za asilikali obwerera kumudzi anakamba mokwanira: omwe anaponya mamendulo awo pamasitepe a Capitol mu Epulo 1971, vuto la m'maganizo la PTSD lomwe madokotala anadzalivomereza mu 1980, ndi lamulo la 1991 lothandiza odwala chifukwa cha mankhwala a Agent Orange, omwe ankapopera pofuna kuumitsa nkhalango ku Vietnam. Koma anthu a ku Vietnam anangotchulidwa modutsa. Ndikudziwa kuti ulendowu ndi wa zochitika kumudzi ku America. Komabe ku Vietnam kunafa anthu mamiliyoni, ndipo Saigon itagwa pa 30 Epulo 1975, othawa kwawo oposa 100,000 anafika kuno chaka chomwecho, ena n'kudzakhazikika ku Arlington, kutsidya kwa mlatho womwe tinaulozeredwa m'mawa. Nawonso ndi gawo la zomwe nkhondoyi inasintha m'dziko lino, ndipo anayenera mphindi zisanu.

Kwa omwe mukuganiza zopita: sankhani ulendo wa m'mawa, makamaka m'chilimwe, chifukwa kutentha kwa Washington ndi kwachinyezi ndipo mbali zina mthunzi ndi wochepa. Valani nsapato zoyendera ndipo tengani madzi. Zimbudzi zilipo chakoyambirira, pafupi ndi Lincoln Memorial, koma pambuyo pake n'zotalikana, ndipo kampaniyo sinatichenjeze zimenezi m'uthenga wotsimikiza malo. Kupumula mokhala pansi ndi kamodzi kokha, zomwe zinawavuta amayi ena achikulire m'gulu lathu. Ana aang'ono atopa ndipo satolapo kanthu, koma wachinyamata wa ku sekondale kapena woyamba koleji apindula kwambiri. Zipilala zonsezi kulowa ndi ulele, choncho chomwe mukulipira ndi wotsogolera yekha, ndipo uyu amaidziwa nkhani yake. Mukafika pa 20th Street moyang'anizana ndi Federal Reserve, muwaimike n'kuwafunsa za msonkho wa 1968 ndi golide. Nditawafunsa ine, ndinaona kuti mayankho ali nawo, kungoti sali pa ndondomeko ya ulendo.